Ayambe ndani kulemba, inu kapena AI?

Anzanga ambiri akamafunsa za AI, mapulogalamu a pakompyuta omwe amalemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu, amafuna kudziwa kuti yabwino ndi iti pakati pa ChatGPT ya OpenAI, Gemini ya Google, Claude ya Anthropic ndi Copilot ya Microsoft. Pa ntchito wamba monga makalata, malipoti ndi kufupikitsa zolemba zitalizitali, zonsezi zimakwanitsa, ndipo yomwe ili patsogolo lero mawa imapitiriridwa. Kusiyana komwe ndakuona ndi maso anga kuli pa kagwiritsidwe ntchito. Pali amene amauza makina kuti alembe kaye, iwo n'kubwera pambuyo kudzakonza. Pali amene amalemba okha kaye, n'kupatsa makina kuti asanthule zomwe alembazo. Njira ziwirizi zimabala ntchito yosiyana, ndipo mutu wa munthu zimausiyanso mosiyana.

Njira yoyamba ndi imene inatenga anthu mtima ChatGPT itangotuluka pa 30 Novembala 2022. Mukangolemba mizere iwiri, ndime zisanu zili kale pamaso panu. Pa kalata yoitanira anthu kumsonkhano, kusanja manambala m'tebulo, kapena kupeza fomula ya Excel yomwe mwaiwala, palibe chifukwa chodzivutitsira. Ntchito zotere mumadziwa kale mmene ziyenera kuonekera, ndiye cholakwika chikabwera mumachiona pompopompo.

Mavuto amayamba pamene simungathe kuchiona. Makina amenewa anaphunzitsidwa pa zolemba zochuluka zedi kuti azilosera mawu oyenera kutsatira pa amene alembedwa kale. Choncho chiganizo chabodza chimatuluka chosalala mofanana ndendende ndi choona, popanda chibwibwi chilichonse chokuchenjezani. Tsiku lina ndinapatsa AI zolemba zanga za pamsonkhano wa kuntchito, masamba anayi osalongosoka, kuti indikonzere maminitsi. Inachita bwino kwambiri, mitu yonse m'malo mwake. Koma pamene ine ndinalemba kuti "nkhani yolemba anthu ena ntchito tidzaionanso", maminitsi anati komiti yagwirizana zolemba anthu ena ntchito. Ndinawerenga kawiri osaona kanthu, chifukwa chiganizocho chinkamveka bwino. Anachigwira ndi mnzanga amene anali pamsonkhanopo, kalata isanatumizidwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ena zinawagwera zazikulu. Mu 2023, maloya ena ku New York anapereka kukhoti zikalata za mlandu wokhudza kampani ya ndege ya Avianca, zotchula milandu yakale isanu ndi umodzi yomwe sinachitikepo n'komwe. Inapekedwa ndi ChatGPT. Chondikhudza kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti mmodzi wa maloyawo anafunsa makinawo ngati milanduyo ndi yeniyeni, ndipo anamuyankha kuti inde. Khoti linawalipiritsa madola 5,000. Kufunsa makina omwewo kuti atsimikize zomwe anena sikufufuza ayi.

Palinso vuto lina lobisika, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa bodza. Makina akayamba kulemba, amakhala atakusankhirani kale poyambira, mfundo zofunika, ndi zoyenera kusiya. Inu mumangosintha mawu apa ndi apo, n'kumadziona ngati mwaganiza. Mfundo yomwe ikanakubwererani mutakhala chete mphindi khumi ndi pepala lopanda kanthu siibweranso, popeza malo ake adzaza kale. Kafukufuku wa Microsoft ndi Carnegie Mellon University wa mu 2025, yemwe anafunsa ogwira ntchito 319, anapeza kuti amene amakhulupirira kwambiri AI ndi amene ankanena kuti sasinkhasinkha mozama pa zomwe yawapatsa, pomwe odzidalira pa luso lawo ankazifufuza kwambiri. Zimenezi ndimaziona pa ine ndemwe sabata imene ndatanganidwa.

Njira yachiwiri ndi yochedwa, ndipo tisanamizane, masiku ena nthawi yake palibe. Mumakhala pansi n'kulemba nokha, ngakhale zikhale zokhotakhota, kenako mumaitana makina ngati mnzanu wowerenga. Ubwino wake ndi wakuti mumafika kwa AI muli kale ndi maganizo anu, ndiye ikanena zosemphana nawo mumatha kuyeza kuti wolondola ndani. Nthawi ina ndinalemba pempho la masamba awiri lofuna kuti tisinthe kasungidwe ka mafayilo ku ofesi. Ndinaiuza AI kuti iwerenge ngati bwana amene sakufuna kuvomereza. Inandifunsa chinthu chimodzi chomwe ndinachidumpha: pa sabata zomwe kusinthaku kukuchitika, ntchito za tsiku ndi tsiku azigwira ndani? Yankho ndinali nalo m'mutu, koma papepala panalibe. Ndinaliwonjezera ndekha, m'mawu anga, ndipo pamsonkhano nditafunsidwa za mfundo iliyonse ndinayankha mosadodoma, chifukwa zonse zinachokera mwa ine.

Koma njirayi ili ndi misampha yake iwiri, ndipo anthu saitchula kawirikawiri. Woyamba ndi kushashalika. Makinawa amakonda kusangalatsa wowafunsa. Mu Epulo 2025 OpenAI inachita kubweza kusintha komwe inapanga pa GPT-4o, umodzi mwa mitundu ya ChatGPT, chifukwa inkatamanda anthu mopyola muyeso, ngakhale pa maganizo osayenera. Mukafunsa kuti "Kodi zili bwino?" mudzamva kuti zili bwino kwambiri. Funsani kuti ikuuzeni malo atatu ofooka, kapena funso lomwe wotsutsa angayambe nalo.

Msampha wachiwiri ndi chinsinsi, ndipo apa njira yachiwiri ndi yoopsa kuposa yoyamba. Kuti makina asanthule ntchito yanu, muyenera kuwapatsa ntchito yeniyeniyo, yokhala ndi mayina, manambala ndi mapulani a kampani. Mu 2023 antchito ena a Samsung anaika zinsinsi za mapulogalamu a kampaniyo mu ChatGPT pofuna thandizo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kampaniyo inaletsa zida zotere pa makompyuta ndi mafoni ake. Zomwe mwalemba mmenemo zimapita pa makompyuta a eni ake, ndipo malingana ndi mmene mwatcherera akaunti yanu, zitha kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa makinawo. Ine ndimachotsa mayina a anthu ndi manambala enieni ndisanaike chilichonse, ndipo za thanzi la munthu kapena malipiro ake sindiikamo n'komwe.

Ndiye mwina mukufunsa kuti ine ndili mbali iti. Ntchito yomwe ndikhoza kuitsimikiza ndi diso limodzi ndimaisiyira makina kuti ayambe. Koma chilichonse chomwe ndidzasainire, chomwe wina adzandifunse kuti "munatanthauza chiyani apa", ndimayamba ndine. Kwa amene akuphunzira kumene ntchito, kapena wophunzira amene akulemba nkhani ya m'kalasi, ndimawapempha ndi mtima wonse kuti atenge njira yachiwiri ngakhale pa zinthu zazing'ono, pakuti diso loona cholakwika limakula pamene munthu akulemba yekha n'kumalakwitsa. Maminitsi ndimawapatsabe AI mpaka lero. Kungoti ndisanatero, zomwe tagwirizana pamsonkhano ndimazilemba pandekha pa kapepala, ndipo makina akamaliza ndimafananiza mzere ndi mzere.