Polima yake ndi yeniyeni, koma wogulitsa sanandithandize

Ndinaitanitsa mamiligalamu 250 a polythiophene, polima (molekyu yaitali ngati tcheni) ya tinthambi ta (S)-3,7-dimethyloctyl. Inafika patadutsa masabata atatu kuchokera pa tsiku limene ogulitsa analonjeza, ili m'kabotolo koonekera kosakuta ndi kanthu, chikhalirecho polima zoterezi zimawonongeka ndi kuwala pakakhala okosijeni. Pepala losonyeza kulemera kwa mamolekyu ndi regioregularity (mmene tinthambi tandandalikira mwadongosolo pa tcheni) munalibe m'bokosimo.

Zimenezo ndikanapirira. Chinandipsetsa mtima ndi cha tsiku loyamba. Ndinasungunula pang'ono mu chloroform, madzi ake n'kukhala achikasu chonkira ku olenji, ndiye ndinaika m'makina a CD (circular dichroism), oyeza kusiyana kwa mmene chinthu chimamwera kuwala kozungulira kumanja ndi kozungulira kumanzere. Kuyambira 350 mpaka 700 nm (nanomita, muyeso wa mafunde a kuwala) mzere wa zotsatira unangogona phee, osakwera osatsika. Ndinatsuka kabotolo ka quartz n'kuyezanso, chimodzimodzi. Ndinayesa makinawo ndi camphorsulfonic acid, mankhwala oonera ngati makina a CD ali bwino, nsonga yake n'kutuluka bwinobwino cha pa 290 nm. Apa ndinati basi, anthuwa andipatsa msakanizo wa R ndi S, mitundu iwiri ya molekyu yosiyana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, umene mbali ziwirizo zimafafanizana. Zili ngati walipira magolovesi a dzanja lamanzere okhaokha, iwo n'kukupakirira osakaniza.

Ndinalemba imelo usiku womwewo, chithunzi cha mzere wogona uja ndinaphatikiza. Yankho linali chiganizo chimodzi: katundu wotsegula sabwezedwa. Munthuyo sanafunse n'komwe kuti ndasungunulira mu chiyani, pamene funso limenelo lokha likanathetsa nkhani yonse.

Anandifunsa ndi mnzanga wa mu labu, ataona ndikungopukusa mutu pa kompyuta. “Akulu, mwathiramo methanol?” Manyazi anandigwira. Mu chloroform tcheni chilichonse cha polima chimayandama pachokha, chikupindika mmene chafunira, ndipo kaboni wa chirality, amene amachititsa molekyu kukhala R kapena S, ali kutali ku kanthambi, osati pa msana wa tcheni pomwe kuwala kumamwedwa. Choncho kuwala kozungulira kumanja ndi kozungulira kumanzere kumamwedwa mofanana. Methanol sasungunula bwino polimayi, ndiye amaunjikitsa matcheniwo, ndipo akaunjikana m'pamene tinthambi tija timawakakamiza kusanjikizana mopotokera mbali imodzi. Gulu la wasayansi Meijer ku Eindhoven, ku Netherlands, linasonyeza zimenezi m'zaka za m'ma 1990, ndipo ineyo ndinaziwerengapo, kungoti mkwiyo unandiiwalitsa.

Tinayamba kudonthezamo methanol pang'onopang'ono. Madzi aja anasintha tikuona, kuchoka ku olenji mpaka kufiira koderako. Titabwezera m'makina, mzere wogona uja unadzuka: nsonga ziwiri, ina m'mwamba ina pansi, zikudutsa pa ziro pafupi ndi pamene polimayo imamwa kuwala kwambiri. Tinaitenthetsa pang'ono, nsonga zija zinazilala, itazizira zinabwerera. Ndinabwereza katatu ndi madzi atsopano, zotsatira n'kumafanana. Pamenepo sindinganame, katunduyu ndi wabwino, ndipo ngakhale anabwera wosakuta sanaonetse kuti wawonongeka.

Pa filimu yopyapyala ya pagalasi yagwiranso ntchito, koma muziitembenuza ndi kuizunguza poyeza, chifukwa matcheni akaloza mbali imodzi makina amatha kukupatsani CD yabodza. Limenelo si vuto la ogulitsa.

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ina ndachotsa chifukwa cha kabotolo ndi kuchedwa, inayo chifukwa cha munthu uja wa chiganizo chimodzi, amene akugulitsa chinthu chosachidziwa. Mzere umodzi pa chizindikiro, wonena kuti CD imaoneka polima ikaunjikana, ukanandipulumutsira masiku awiri ndi mamiligalamu angapo amene ndinawononga poyesayesa. Pepala la kulemera kwa mamolekyu ndalipempha kachitatu Lolemba lapitali, mpaka lero ali zii.