Yokuponderani buleki ndi yokuyendetserani galimoto, yofunika ndi iti?

Anzanga amene mukusaka galimoto zamakonozi, mwaona kale kuti ogulitsa amangoponya zonse m'thumba limodzi n'kumati "imeneyi ili ndi zothandiza dalaivala zonse bwana". Koma zinthuzi zili m'magulu awiri ndipo sizifanana olo pang'ono. Gulu loyamba limangokhala phee osachita kanthu mpaka ngozi itatsala pang'ono kuchitika: buleki yodziponda yokha, kanyale ka pagalasi la m'mbali kokuuzani kuti pambali panu pali galimoto, kamera ya rivesi, ndi kulira kuja mukayamba kutuluka mu mzere wanu. Gulu lachiwiri limakulandani ntchito ndithu, limasunga liwiro, limasunga mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo, n'kumakhotetsanso chiwongolero kuti mukhale pakati pa mizere. Autopilot ya Tesla, Super Cruise ya GM, BlueCruise ya Ford, ProPilot ya Nissan, zonsezo ndi za gulu lachiwirili. Ine ndalama yanga ndingaike pa loyamba, ngakhale kuti lachiwiri ndi limene anthu amajambula mavidiyo n'kumadzitama nalo.

Chifukwa chake n'chakuti loyambali lili ndi umboni. Bungwe la IIHS ku America, lomwe limathandizidwa ndi makampani a inshuwalansi, linafananiza galimoto zokhala ndi buleki yodziponda yokha ndi zopanda, linapeza kuti ngozi zogunda mnzako kumbuyo zimatsika ndi theka. Theka aise, si zocheza. Kanyale ka pagalasi kaja kamachepetsa ngozi zochitika posintha mzere ndi 14 peresenti, kulira kwa potuluka mu mzere pafupifupi 11 peresenti. Volvo anaika buleki yodziponda yokha yotchedwa City Safety mu galimoto yawo ya XC60 mu 2008, nthawi imeneyo inkangogwira pa liwiro lochepa la m'tauni, pano zafika poti ku European Union galimoto iliyonse yatsopano kuyambira July 2024 imayenera kukhala ndi buleki imeneyi mwalamulo. Ndipo ubwino wake waukulu ndi woti sikusinthani kayendetsedwe, inu mukuyendetsa monga mwa masiku onse, mwina chaka chonse osaimva n'komwe, kenako tsiku limodzi mwacheukira mwana kumbuyo, wakutsogolo waima mwadzidzidzi, mungomva lamba wakukokani pachifuwa galimoto yaima kale phazi lanu lisanafike pa buleki.

Zofooka zilipo. IIHS yomweyo inapeza kuti buleki yozindikira anthu oyenda pansi imachepetsa ngozi ndi 27 peresenti, koma mumdima mopanda magetsi a mumsewu sanaone kusiyana kulikonse, pomwe usiku ndi pamene oyenda pansi amagundidwa kwambiri. Galimoto zatsopano zikuyesetsako koma musaike mtima pamenepo. Chinanso ndi phokoso. Kulira kwa mizere kuja pa msewu wopapatiza kapena wokhotakhota kumangoti pii pii mpaka munthu amatopa n'kuzimitsa, ndiye chinthu chozimitsidwa chingakupulumutseni bwanji. Zonjenjemeretsa chiwongolero m'malo molira zimapiririka bwino, ngati muli ndi mwayi wosankha sankhani zimenezo.

Tsopano gulu lachiwiri. Kukoma kumakoma, ndisaname. Pa mdipiti wa magalimoto woyenda n'kuima, kuyenda n'kuima, galimoto imadzitsatira yokha ya kutsogolo, mwendo umapuma, ndipo pa ulendo wautali mumafika mapewa asanaume. Vuto ndi loti zonse ndatchula zija zili pa Level 2 pa muyeso wa bungwe la mainjiniya la SAE woonetsa mmene galimoto imadziyendetsera yokha, woyambira 0 mpaka 5, kutanthauza kuti woyendetsa mukadali inu sekondi iliyonse, ikalakwitsa mlandu ndi wanu. Ndiye taganizirani, akulandani chiwongolero, akulandani buleki ndi mafuta, n'kukuuzani kuti koma muziyang'anitsitsabe. Munthu sanalengedwe choncho. Ola loyamba mumayang'ana, sabata yachiwiri dzanja lapita pa foni chifukwa "imayenda bwinobwino imeneyi". Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndiye kuwerenga kameseji ka masekondi atatu mwadutsa mamita oposa 80 osaona.

Ndipo pamene imalakwitsira ndi poopsa kwambiri. Radar, kachipangizo koyeza zakutsogolo ndi mafunde a wailesi, imazindikira bwino zinthu zoyenda, koma zoima imaziona zambirimbiri, zikwangwani, milatho ya pamwamba, zitsulo za m'mbali mwa msewu, ndiye kuti isamangoponda buleki paliponse opanga anaiphunzitsa kunyalanyaza zambiri zosayenda mukathamanga. Tiyerekeze mukutsatira galimoto ina, iyo yapatuka mwadzidzidzi kuzemba thiraki yoima mu mzere womwewo, yanu ingathe kuona ngati njira yatseguka n'kuyamba kuwonjezera liwiro. Zimenezi zinalembedwa m'mabuku a galimotozo momwe, kungoti ndani amawerenga. Mu May 2016 ku Florida Tesla yoyenda pa Autopilot inalowa pansi pa thiraki yomwe inkadutsa msewu mopingasa, buleki osagwira, dalaivala anafera pomwepo, ndipo ofufuza a NTSB, bungwe la boma la America lofufuza ngozi, anati china mwa zifukwa chinali kudalira kwambiri makinawo. Mu December 2023 Tesla anachita kukonza sofutiweya ya galimoto pafupifupi 2 miliyoni ku America pa nkhani yomweyi yoonetsetsa kuti dalaivala ali tcheru.

Ngati mwaumirira gulu lachiwirili, funso lenileni ndi loti galimotoyo imadziwa bwanji kuti muli maso. Zina zimangomva kulemera kwa dzanja pa chiwongolero, zomwe n'zosavuta kunamiza, munthu akhoza kugwira chiwongolero maso ali kwina. Super Cruise, yomwe inayamba mu 2017 pa Cadillac CT6, inatenga njira ina: kakamera koyang'ana nkhope yanu, kamaona ngakhale usiku, manja mukhoza kuchotsa koma maso akachoka pa msewu nyale ya pa chiwongolero imayamba kuphethira, kenako imafiira, mukapanda kuyankha galimoto imachepetsa liwiro mpaka kuima. Komanso imangolola pa misewu imene anaijambula kale mapu ake. Ena amadandaula kuti imeneyo ndi yovuta, imakana malo ambiri, ine ndimati kukanako ndiye nzeru zake.

Za Level 3 tingodutsapo. Honda Legend inatuluka nayo ku Japan mu 2021, Mercedes analoledwa Drive Pilot ku Germany kumapeto kwa chaka chomwecho, poyamba mpaka makilomita 60 pa ola basi, pa misewu ikuluikulu yosankhidwa, masana, kopanda mvula. Pamenepo mukhozadi kuchotsa maso pa msewu koma ikakuitanani muyenera kulanda chiwongolero m'masekondi ochepa. Ambirife sitiigwira posachedwa imeneyo.

Magulu onse awiri amadalira maso omwewo, ndiye apanso pali mpikisano wa kamera ndi radar. Kamera imaona mizere, imawerenga zikwangwani, imasiyanitsa munthu ndi mtengo, koma dzuwa likakhala pansi n'kumawomba pagalasi molunjika, kapena chifunga, kapena chimvula, imachita khungu ngati inu nomwe. Radar ilibe nazo ntchito za mdima ndi chifunga, imayeza mtunda ndi liwiro bwino kwambiri, kungoti siidziwa kwenikweni kuti chimene yaonacho n'chiyani. Subaru ndi EyeSight yawo anadalira makamera awiri oikidwa pamwamba pa galasi lakutsogolo, Tesla anayamba kuchotsa radar mu 2021 n'kumadalira makamera, pomwe Toyota Safety Sense imaphatikiza zonse ziwiri. Ine ndimakonda zophatikiza, china chikachita khungu china chikuonabe. Komabe matope akamata pa bampala kapena pa chizindikiro cha kutsogolo pomwe radar imabisala, kauthenga kamatuluka pa dashibodi koti masensa sakugwira, ndipo kuyambira pamenepo muli nokhanokha mpaka mutatsika kukapukuta. Msewu wofufutika mizere nawonso umapha mbali yokhotetsa chiwongolero ya gulu lachiwiri, pomwe buleki yodziponda ija imagwirabe chifukwa siifuna mzere.

China chimene ogulitsa satchula ndi cha kugalaja. Kamera ija inamatidwa kuseri kwa galasi lakutsogolo, ndiye mwala ukaswa galasi si nkhani yongosintha basi, kamera imafunika kuitchuna mwatsopano ndi makina ake, kupanda apo imayang'ana mopendekeka pang'ono ndipo kutaliko kupendekeka pang'onoko kumasanduka mamita. N'chimodzimodzi bampala ikagundidwa, olo kunja ikuoneka yabwinobwino radar ikhoza kukhala itasuntha. Amene mukugula yogwiritsidwa kale ntchito yang'anani ngati galasi ndi bampala zinasinthidwapo, mufunse ngati anatchuna masensa, ndipo mukamaiyesa lowani mu menyu muone ngati mwini wakeyo sanazimitse zochenjeza zonse.