Fosifeti wafika pa ziro: tiwonjezere chakudya, tigule botolo, kapena tisungunule ufa tokha?

Ambiri mwa ife amene timasamalira mathanki a nsomba m'nyumba za mabwana ku Randburg ndi ku Fourways, mu Johannesburg, tinaphunzirira ntchitoyi pa mbuna za kwathu, ndipo tinazolowera kuti madzi abwino ndi aja oyera mbee. Thanki ya madzi amchere yokhala ndi makorali, tizamoyo ta m'nyanja tooneka ngati zomera kapena miyala, siyendera zimenezo. M'thupi mwa korali muli tindere tomwe timamudyetsa, ndipo timeneti timafuna fosifeti monga chimanga chifunira feteleza wokulitsa, uja wa 23:21:0+4S. Mulingo womwe ambiri timatsata ndi 0.03 mpaka 0.10 ppm, ndiye kuti ma mg pa lita imodzi ya madzi. Akatsikira pa ziro makorali amatuwa, kenako pamchenga pamabwera ndere za bulauni zonanda, zokhala ndi tithovu, zimene amati dino. Ameneyu akakhazikika, mwezi umatha mukulimbana naye.

Musanathire kalikonse, chotsani kaye zomwe zikudya fosifetiyo. Ngati m'sampu, kathanki kosefera madzi ka pansi kaja, muli GFO, timibulu toyamwa fosifeti, itulutseni. Ngati mumathira viniga kapena mankhwala a NoPox, zomwe zimachulukitsa mabakiteriya odya fosifeti, chepetsani. Chaeto, ndere yomwe timadzala dala m'sampu kuti iziyamwa fosifeti, naye mumuchepetsere maola a nyali. Ndaonapo munthu akuthira fosifeti m'mawa uliwonse GFO ili chikhalire pansi, ngati kutunga madzi ndi dengu.

Njira yoyamba ndi kudyetsa kwambiri. Mysis (tinkhanu ting'onoting'ono) wa m'firiji, timibulu touma, ngakhale Reef-Roids, chakudya cha makorali cha ufa, yemwe amadziwika kuti amakweza fosifeti msanga. Njirayi ndimaikonda chifukwa nsomba zimanenepa, makorali amadya nawo, ndipo palibe chomwe mungathire mopyola muyezo tsiku limodzi. Koma chakudya sichibwera ndi fosifeti yekha, chimakokanso naitireti, mchere wina wochokera ku zonyansa za nsomba. Thanki yomwe zonse ziwiri zili pansi imachira bwino ndi njirayi. Yomwe naitireti ali kale pa 20 ppm koma fosifeti pa ziro, mukaidyetsa mowonjezera mungokulitsa kusiyanako. China n'chakuti ife timapita ku thanki kamodzi pa sabata, ndiye wodyetsa ndi abwana kapena ana awo, ndipo mukawauza kuti awonjezere pang'ono, pang'ono pawo ndi dzanja lodzaza.

Yachiwiri ndi botolo la m'sitolo, monga NeoPhos wa Brightwell. Apa mumakweza fosifeti yekha, naitireti osamukhudza, ndipo mulingo walembedwa kale pabotolo. Kwa thanki ya munthu wina, ine ndimasankha imeneyi. Zinthu zikavuta, botolo lokhala ndi dzina limakuyankhulirani. Vuto ndi mtengo, poti ndi katundu wochokera kunja ndipo amatsata dola, komanso nthawi zina mumafika m'sitolo n'kupeza latha.

Yachitatu ndi yosungunula nokha, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe anzathu amapsa. Ufa wake ndi monopotassium phosphate, KH2PO4, womwe pafupifupi magawo 70 pa 100 a kulemera kwake ndi fosifeti. Galamu imodzi mu lita imodzi ya madzi osefedwa ndi makina a RO imapereka pafupifupi 0.7 mg pa ml iliyonse. Thanki ya malita 300 kuti ikwere ndi 0.02 ppm ikufuna 6 mg, ndiye kuti ma ml 8 kapena 9 basi. Taonani kuchepa kwakeko: paketi imodzi mungaisiyire adzukulu. Koma pafunika sikelo yowerenga mpaka 0.01 g, osati supuni ya tiyi, ndipo ufawo ukhale wa mulingo wa chakudya kapena wa ku labu. Uja wa m'thumba la feteleza, wolembedwa 0-52-34, dzina ndi lomwelo koma ungathe kukhala ndi zitsulo zomwe chimanga chimapirira, korali ayi. Madzi a pampopi a Rand Water nawonso asalowemo. Pa thanki yanga ya kunyumba ndimagwiritsa ntchito njira imeneyi, ya kasitomala sindiyerekeza.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza njira ziwiri zomalizazi mofanana. Miyala ndi mchenga wa aragonite, womwe ndi wa mtundu wa laimu, zimayamwa fosifeti, makamaka thanki ikakhala yatsopano yoyambidwa ndi miyala youma, ngati mmene ambiri timayambira kuno, poti nyanja ili ku Durban, makilomita pafupifupi 600. Mumathira lero, mawa mupima mupeza ziro, mtima n'kumati mankhwalawa ndi abodza. Ndinachitapo zimenezi: ndinachulukitsa kanayi, miyala itakhuta fosifeti anakwera mwadzidzidzi, ndere zobiriwira n'kumera ngati tsitsi. Thirani 0.02 patsiku, pimani tsiku lotsatira, pitirizani mpaka nambala iyambe kukhazikika.

Popima, samalani kuti Hanna yanu, kamakina koyezera madzi, ndi iti. HI774 imawerenga fosifeti mu ppm. HI736 imawerenga phosphorus, amene ndi gawo chabe la fosifeti, mu ppb (ma ppb 1,000 ndi ppm imodzi), ndiye ikalemba 10 ndiye kuti muli pafupifupi pa 0.03 ppm. Zoyezera zoyang'ana mtundu wa madzi ndi maso zimavuta pa manambala ang'onoang'ono chotere.

Ndipo musathire fosifeti nthawi imodzi kapena malo amodzi ndi kalkwasser, madzi a laimu aja, chifukwa amagwirana n'kukhala fumbi loyera. Ine ndimathira ndi sirinji pafupi ndi pampu yobweza madzi. Magetsi a Eskom akathima ndimadikira abwere kaye, madzi ayambe kuzungulira.