Pulogalamu yochonga mafotokozedwe a zida za AI agent, patapita miyezi

Mnzanga wina wandifunsa ngati ndikulipirabe pulogalamu ija ndinkaichemerera nditangoigula, yomwe imayeza ngati mawu ofotokoza zida za agent (AI yogwira ntchito payokha poitana zida, timapulogalamu tochita ntchito imodziimodzi) ali bwino. Ndamuyankha kuti "eya koma", ndiye koma wakeyo ndi uyu.

Kwa amene simunazolowere, agent saona code yanu ayi. Amangoona dzina la chida, timawu tofotokoza ntchito yake, ndi ndandanda yotchedwa JSON Schema yonena zoti alowetsemo, basi. Kuyambira pomwe OpenAI anatulutsa function calling (njira yoti AI iziitana zida) mu June 2023 mpaka Anthropic kubweretsa MCP (njira yolumikizira zida ku AI) mu November 2024 kachitidwe kake ndi komweko, model, yomwe ndi ubongo wa agent, imawerenga timawu timeneto n'kusankha yokha chida choti iitane. Ndiye pulogalamu yoti izikuuzani pomwe mwalemba zosamveka inaoneka yofunika ndithu.

Zomwe imachita bwino zilipo. Kuilumikiza ku MCP server, komwe kumakhala zidazo, sikuvuta, imagwira parameter (chinthu cholowetsa mu chida) iliyonse yomwe simunaifotokoze, ndipo inandikumbutsa kulemba kuti deti likhale la ISO 8601 (chaka-mwezi-tsiku), agent anasiyiratu kusokoneza tsiku ndi mwezi. Pamenepo ndilibe nayo mlandu.

Vuto ndi malikisi omwe imapereka pa chida chilichonse. Ndili ndi zida ziwiri, cancel_order ndi refund_order, china choimitsa oda yomwe sinatumizidwe, china chobweza ndalama katundu akafika kale. Zonse ziwiri inazipatsa malikisi apamwamba, zobiriwira bwinobwino. Koma kasitomala akalemba kuti katunduyu sindikumufunanso, agent ankathamangira cancel_order ngakhale katundu ali kale m'manja mwa munthuyo, chida n'kubweza error, iye n'kuyesanso chomwecho, error, kuyesanso, kenako n'kumuuza kasitomala kuti pepani sizikutheka pomwe chida choyenera chili pambali pompo. Ukapita pa dashboard ya pulogalamuyo zonse zili mwakemwake, ukatsegula ma log (zolemba za zomwe agent wachita) ndiye kulira.

Chomwe ndinazindikira n'choti pulogalamuyi imachonga chida chilichonse pachokha, siifunsa kuti kodi ziwirizi zikaikidwa pamodzi model izisiyanitsa bwanji. Komanso imakonda mawu ambiri, ngati mphunzitsi wochonga mayeso poona kutalika kwa yankho. Malangizo ake nthawi zonse ndi akuti onjezani chitsanzo, onjezani tsatanetsatane, mafotokozedwe anga anakula kukhala ndime zathunthu, malikisi n'kukwera, bilu ya API (ndalama zomwe ndimalipira pogwiritsa ntchito model) n'kukweranso chifukwa mafotokozedwe onsewo amatumizidwa ku model pa request iliyonse ndipo amawerengedwa ngati ma token (tizidutswa ta mawu) olipira. Agent yekha ndiye sanasinthe olo pang'ono.

Chinakonza zinthu ndi mzere umodzi womwe ndinauika pamwamba penipeni pa cancel_order, wonena kuti chidachi ndi cha oda yosatumizidwa yokha, ikakhala yatumizidwa itanani refund_order. Error yake ndinaisinthanso kuti izinena zomwezo m'malo mongopereka nambala ya error yoti 400. Ndime zija ndinazidula. Agent anayamba kusankha bwino tsiku lomwelo, ndiye tamvani izi, pulogalamu ija inatsitsa malikisi ati kafotokozedwe kafupika kwambiri. Ndinaseka ndekha koma kunena zoona zinandipweteka, poti ndimalipira mwezi ndi mwezi kuti indiuze zimenezi.

Panopa ndili ndi kafayilo ka mafunso enieni a makasitomala, funso lililonse ndinalemba pambali chida chomwe chikuyenera kuitanidwa. Ndikasintha liwu olo limodzi ndimamuyesa agent ndi mafunso onsewo kangapo, poti model siyankha mofanana nthawi zonse, n'kuona pomwe wasokonekera. Ndi ntchito yotopetsa koma ndi yomwe ikundiuza zoona.

Ogulitsa pulogalamuyi ndinawalembera imelo ndi ma log omwe. Yankho linachedwa, litabwera linali lokopera penapake, ati zikomo chifukwa cha maganizo anu. Nditalimbikira ndi pomwe munthu weniweni anayankha, waulemu ndithu, anavomera kuti malikisiwo amachokera pongowerenga mawu osati poyesa agent, koma ati kuyesa ndi agent weniweni kulipo pa plan yodula. Ndiye kuti chinthu chomwe ndinkaganiza kuti ndagula chili kuseri kwa bilu ina. Anandipatsa mwezi waulere kuti ndiyese, ndinayesa, ndipo chikugwira ntchito eti, vuto ngati la cancel_order lija chimaligwira msanga. Pamenepo mtima unakhalako pansi mpaka nditaona kuti amalipiritsa pa test iliyonse pamwamba pa ma token anga omwe.

Masiku ena ndimati bola ilipo, imandigwirira tizolakwika ting'onoting'ono. Bilu ikabwera ndimasintha maganizo. Ndabwerera pa plan yotchipa, ndipo ndawauza kuti akapanda kuikamo kuyesa zida zofananafanana pamodzi, mwezi wamawa ndichoka. Batani losiyira palibenso, ati ndilembe imelo ina.