Canon 2000D kapena Nikon D3500, ine ndatenga Nikon

Anzanga amene mukufuna kuyamba kujambula pa maukwati muno mu Lilongwe, ndayesa makamera onse awiri, Canon 2000D ya achimwene anga ndi Nikon D3500 yomwe ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito. Zithunzi zimatuluka bhobho konsekonse, onse ndi ma megapixel 24. Koma batire abale! Nikon ukatchaja kamodzi imafika zithunzi 1,500 pomwe Canon imathera cha m'ma 500, ndiye ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu ku Area 25 kuja mukudziwa kale. Pa perekaniperekani anthu akuvina Nikon imatola zithunzi 5 pa sekondi, Canon 3 basi. Canon yandisangalatsa pa Wi-Fi, kutumiza pa foni sikuvuta, Nikon ndi Bluetooth yokha ndipo imachedwa. Mukamagula yakale funsani shutter count (kuchuluka kwa zithunzi zomwe kamerayo yajambula kale), lens (galasi la kutsogolo kwa kamera) muyesere pomwepo musanapereke ndalama.