Injini ya njinga yanga itanoka ku Angónia

Abale anga ku Dedza, mwakhala mukufunsa ngati njinga yanga yamoto ija ndinaigulitsa itafa. Ayi, ilipo ndipo ikuyenda. Koma inandikhazika pansi masabata atatu, n'kudya gawo lalikulu la phindu la mbatatesi, ndiye ndati ndifotokoze mmene zinayendera, makamaka kwa inu achimwene amene mukufuna kudzagula yakale kuno.

Ntchito yanga mukuidziwa, ndimagula mbatatesi m'midzi ya ku Dómuè ndi ku Tsangano n'kumaunjika ku Ulongué, likulu la Angónia kuno ku Mozambique. Misewu yake ndi zitunda ndi fumbi basi, n'chifukwa chake ndinasankha Honda XL 125 yakale, ya matayala amano. Tsiku lina mu Seputembala ndikukwera chitunda, thumba lili kumbuyo, ndinamva kugogoda pansi pa thanki, kho kho kho. Ndikanazimitsa pomwepo. Ndinati ndifike kaye pamsika, koma sindinapite patali tayala lakumbuyo linangoti gwa. Kiki nayo inauma. Tinaikweza pangolo ya ng'ombe mpaka kumsewu waukulu.

Makaniko kuno timawatchula kuti mestre. Mestre wanga asanamasule chilichonse anatsitsira oyilo m'kabeseni. Anatuluka wochepa, wakuda bii, muli tizitsulo tonyezimira. Anandiuza kuti ndipise chala nditikite, ndipo ndinamva ngati mchenga. Kenako anatulutsa siponji ya fyuluta ya mpweya, inali yong'ambika pakona. Fumbi linkalowera pamenepo n'kumadya maringi, injini n'kuyamba kumwa oyilo. Injini imeneyi imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye akangotsika pang'ono beringi ya konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kiranki, imauma n'kupsa. Ine ndinali nditatha milungu osayang'ana oyilo, ndipo zimandiwawabe.

Anzanga ambiri anati ndisavutike, ndingogula injini yatsopano ya ku China, ya mtundu umene uli m'njinga za kabaza. Maganizo amenewo si oipa. Injini zambiri zotere anazitengera pa Honda CG 125, imene inapangidwa m'ma 1970 poganizira malo amene njinga sizisamalidwa kwenikweni. Mavavu ake amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo, osati tcheni, ndipo masipeyala ake amapezeka paliponse, kuno ngakhale kwanuko. Masiku awiri mwabwerera pamsewu. Komabe mabowo omangira pafelemu ena sagwirizana, ekizozi ndi mawaya zimafuna kusinthidwa, ndipo nambala ya injini imasiyana ndi yolembedwa mu livrete, kabuku ka njinga. Kwa ife alendo, amene timaimitsidwa pamsewu kawirikawiri, zimenezo si zochepa, mumayenera kukakonzetsa mapepala.

Panalinso munthu wina amene ankagulitsa injini yakale ya XL. Atakana kuti mestre aitsegule tisanalipire, nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinagamula mlandu ndi mutu wa injini. Mestre anandifotokozera kuti pa XL, kamu, chitsulo chimene chimatsegula mavavu, imazungulira pa aluminiyamu wa mutuwo mwachindunji, ndiye oyilo akasowa pamakandika, ndipo mutu ukawonongeka ndalama zokonzera zimafika pa mtengo wa injini ina. Anachotsa kamu, napukuta pamalopo ndi kansalu, n'kuyendetsapo chikhadabo pang'onopang'ono ine ndili chiimire. Sichinakodwe paliponse. Anayang'ananso chibokosi cha kiranki pa dzuwa, chinalibe mng'alu, magiya nawo anali bwino. Pamenepo anadzutsa mutu n'kunena kuti, “Bambo, iyi musataye.” Zimene zinafa zinali konirodi ndi beringi yake, pisitoni, komanso silinda imene inali ndi mizere yozama.

Kiranki ya njinga zoterezi simasulidwa ndi sipanala. Imakanikizidwa pa makina kuti ilekane, amaika konirodi, pini ndi beringi zatsopano, n'kuikanikizanso, kenako amaiwongola mpaka izizungulira osagwedera. Ena amachita ndi hamala pansi pa mtengo, koma mestre anakana, anati ndipite nayo ku Tete. Ndinakulunga kiranki ndi silinda m'chitenje, n'kukwera chapa, minibasi ya kuno, m'mamawa, ulendo wa makilomita opitirira 200 kudzera ku Moatize. Tinachoka ku Ulongué nditavala juzi, pofika pa mlatho wa Samora Machel pa Zambezi malaya anali atanyowa ndi thukuta.

Kumeneko ndinaphunzira chinthu china: pisitoni muzigula kaye, silinda aiboole motsatira pisitoniyo, osati kuboola kenako n'kumakasaka yokwana. Mapisitoni okulirapo amabwera mwa 0.25 mm, 0.50, 0.75 mpaka 1.00. Yanga mizere inatha pa 0.50, ndiye mpata wodzaboolanso ulipo. Mmisiri wa makinawo anandiitana kuti ndione kasingano ka geji kiranki ikuzungulira, kankangonjenjemera pang'ono chabe.

Pomanga tinaikanso tcheni chatsopano cha kamu, magasiketi, masilu ndi siponji ya fyuluta. Mestre anatsegulanso kafyuluta ka oyilo kozungulira kamene kali kumapeto kwa kiranki, kamene ambiri sadziwa n'komwe kuti kaliko. Munali matope ouma ngati phula, anachita kupala ndi sikuludiraiva. Zonse pamodzi ndi ulendo wa ku Tete sizinasiyane kwambiri ndi mtengo wa injini ya ku China ija, koma nambala ndi yomweyo ya mu livrete ndipo palibe chimene tinadula pafelemu. Mutu uja ukanakhala wokandika, ndikanagula yatsopanoyo osadandaula.

Makilomita 500 oyamba ndayenda wopanda katundu, osakoka kwambiri, ndipo oyilo ndasintha kale kawiri. Achimwene, njinga ija munaiona kumalire pa Calómuè musalipire ndisanafike ndi mestre, tikatsitse oyilo wake m'kabeseni. Konirodi yakale ndidzabwera nayo pa Khirisimasi muione mmene inapsera mpaka kusanduka buluu.