Shire, Boadzulu kapena Thumbi: mukwere boti liti?

Alendo ambiri akatsika pa boma la Mangochi amayesa kuti nyanja ili pomwepo. Ayi ndithu, pa boma pamadutsa mtsinje wa Shire, nyanja ili chakumpoto. Ndiye musanatulutse ndalama, dziwani chimene mukufuna kukaona.

Ulendo wa pa Shire ndi wa munthu amene ali ndi maola ochepa. Madzi ake ndi odekha, ngakhale agogo sachita nseru. Mumadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, uku bango, uku asodzi akupalasa mabwato, ndipo mukachita mwayi mvuu imasuzumira, maso ndi timakutu tokha. Mukatsika, nsanja ya wotchi ya 1903 ili pafupi, pamodzi ndi mfuti ya sitima ya Guendolen yomwe inamenya nawo nkhondo panyanjayi mu 1914. Zosambira iwalani, muli ng'ona.

Boadzulu, chilumba chimene chimaonekera ku Nkopola, ndi cha okonda mbalame. Zilipo zosawerengeka, mpaka miyala inayera ndi zitosi. Fungo lake nalonso limakulandirani muli patali. Kamodzi n'kokwanira.

Ine mtima wanga uli ku chilumba cha Thumbi. N'zoona, muyenera kulawirira ndi galimoto njira ya ku Monkey Bay mpaka ku Cape Maclear, komanso pali ndalama yolowera, poti ndi m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe bungwe la UNESCO linaika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 1984. Koma boti likangoima pa miyala ija, mumaona pansi penipeni. Nsomba za mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zimakuzungulirani miyendo ngati nkhuku zaona madeya. Kenako mnyamata wa boti amaimba mluzu, n'kuponya kansomba pamadzi. Nkhwazi imachoka pamtengo, kutsika mapiko ali tambalale, n'kukatola ndi zikhadabo osanyowa n'komwe. Pa Shire zimenezi simungazigule.

Chovuta cha Thumbi ndi Boadzulu ndi mwera. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti nyanja imatha kukalipa. Tsiku lina mu Julayi tinachita makani kunyamuka madzi atawinduka kale. Tinabwerako tili chinyowere, foni yanga itamwa madzi, mlamu wanga akungopemphera. Mphepo ikakhala choncho, bwererani ku mtsinje.

Kulikonse mungasankhe, werengani nokha majekete oyandamitsa musanaponde m'boti, ndipo ku Thumbi funsiranitu ngati mtengo akunenawo ukuphatikiza ndi ya pakiyo.